Nkhani za omangidwa osaweruzidwa: momwe ntchito ikuyendera

Febuluwale

Mutu wa nkhani za anthu zomwe tijambule n'kuziulutsa pa wailesi tagwirizana. Poyamba aliyense anabwera ndi wake: wina nkhanza za m'banja, wina ana ogwiritsidwa ntchito, wina ufulu wa anthu olumala. Yonse ndi mitu yowawa, koma gulu lathu ndi laling'ono, tikati tigwire zonse tingomwaza mphamvu. Tasankha anthu osungidwa m'ndende nthawi yaitali mlandu wawo usanazengedwe, aja timati ali pa rimandi. Chatikopa n'chakuti pa vutoli lamulo linalankhula kale, ndiye sitikupempha chachilendo. Chikalata cha ufulu wachibadwidwe chomwe mayiko anavomereza ku Paris pa 10 Disembala 1948 chimaletsa kumanga munthu mwachisawawa pa ndime 9, ndipo pa ndime 11 chimati woimbidwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Pangano la 1966 la ufulu wa nzika ndi wa ndale, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1976, limaonjezera kuti womangidwa azengedwe mlandu m'nthawi yoyenera, apo ayi amasulidwe, komanso kuti kusunga anthu m'ndende podikira mlandu kusasanduke chizolowezi.

Chiwerengero chiliponso. Padziko lonse akaidi amaposa 11 miliyoni, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse sanaweruzidwe. Ukachitchula pamsonkhano anthu amapukusa mitu mwachisoni, kenako wina n'kufunsa kuti tiweruka nthawi yanji. Sindiwanena, umu ndi momwe mutu wa munthu umagwirira ntchito. Mu 2007 Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic anatulutsa kafukufuku woonetsa kuti anthu ankapereka ndalama zambiri akauzidwa za mtsikana mmodzi wanjala wa ku Mali, dzina lake Rokia, kuposa akauzidwa za mamiliyoni a anthu anjala. Chodabwitsa, ataphatikiza nkhani ya mtsikanayo ndi ziwerengero, zopereka zinatsika. Ife sititaya ziwerengero chifukwa cha zimenezi, koma taphunzirapo kuti tisamazithire pamodzi ndi nkhani m'mpweya umodzi.

Chitsanzo chomwe taika patsogolo ndi cha Kalief Browder wa ku New York. Anamangidwa mu 2010 ali ndi zaka 16, pomuganizira kuti anaba chikwama cha kumsana. Banja lake linalephera kupeza madola 3,000 a belo, ndipo anakhala zaka zitatu pa ndende ya Rikers, pafupifupi ziwiri mwa zakazo atatsekeredwa m'chitokosi cha yekha. Mlandu unathetsedwa osazengedwa n'komwe. Mtolankhani Jennifer Gonnerman analemba nkhani yake m'magazini ya The New Yorker mu Okutobala 2014, ndipo mu Januwale 2016 Barack Obama anatchula mnyamatayu polengeza kuti ana asamatsekeredwenso paokha m'ndende za boma lalikulu. Koma pofika nthawi imeneyo Kalief anali atadzipha, mu Juni 2015. Mbali zonse ziwiri tazilemba pabolodi: nkhani inasintha lamulo, mwini nkhani sanapulumuke.

Malichi

Mwezi wonse wathera pa pepala limodzi, la chilolezo. Ena mwa ife anatopa nalo, amvekere tiyeni tizikajambula basi. Koma pepala limeneli ndilo likunena kuti nkhaniyo mwini wake ndani.

Tatengerako nzeru ku Murad Code, ndondomeko yomwe inatuluka mu 2022 yokhudza kufunsa anthu amene anagwiriridwa m'nthawi ya nkhondo. Anthu athu ndi ena, koma mfundo yake ikutikwana: usafunse munthu zomwe sukufunikira, ndipo ngati ena anamufunsa kale, ganiza kawiri usanamubwerezetse. Pepala lathu timaliwerenga mokweza, pang'onopang'ono, munthuyo n'kutifotokozera m'mawu ake zomwe wamva. Siginecha payokha sitikuikhulupirira, chifukwa amene anakhalapo m'manja mwa apolisi anazolowera kusaina chilichonse chomwe wamuikira patsogolo. Amasankha yekha kuti aoneke nkhope ndi dzina, kapena amveke mawu okha, kapena nkhani yake ilembedwe n'kuwerengedwa ndi munthu wina. Angathe kusintha maganizo nthawi ina iliyonse tisanaulutse. Timamuuzanso chilungamo chake, kuti chikangolowa pa intaneti ngakhale ife sitingachibweze chonse.

Nkhani sitigula. Timabweza ya thiransipoti ndi ya tsiku lomwe munthu wajomba kuntchito, osapitirira apo. Ukayamba kulipira nkhani, nkhanizo zimayamba kukula zokha, ndipo tsiku lina loya wa mbali inayo adzangofunsa kuti munalandira zingati.

Tagamulanso kuti amene akadali m'kati sitiwajambula. Munthu sangavomere mwaufulu woyang'anira ndende ataima pakhomo, ndipo mlandu wake ukadali pakhoti, mawu amodzi olakwika angamubwerere. Tilankhula ndi omwe anatuluka komanso achibale awo.

Epulo

Tayamba kujambula. Zida ndi zochepa: kachipangizo kojambulira mawu, mahedifoni, ndi chipinda chokhala ndi makatani ndi mipando ya nsalu kuti mawu asamamveke ngati tili m'chitsime. Mafoni onse timazimitsa. Kachipangizoko timakaika poonekera, n'kumuonetsa munthuyo batani loimitsira kuti adine yekha akafuna.

Bambo oyamba amene tinacheza nawo anabwera atavala jekete, atanyamula mapepala m'kathumba ka pulasitiki kopindidwa kangapo. Ife tinkayembekezera kuti ayamba ndi kuthithikana, nsabwe, matenda a pakhungu. Zonsezo anazitchula mongodutsa, ngati akunena za nyengo. Pomwe anaima nthawi yaitali mpa ulendo wa kukhoti. Amadzutsidwa kusanache, kumangidwa unyolo awiriawiri, kukwezedwa galimoto, kukakhala m'kachipinda kapansi pa khoti mpaka masana, kenako kalaliki n'kutuluka kudzanena kuti fayilo sikuoneka, kapena mboni sinabwere, kapena woweruza ali kumsonkhano. Tsiku lina, tsiku linanso. Anati chomwe chinkawapweteka kwambiri n'chakuti usiku wa tsiku lililonse la khoti ankagawira anzawo sopo ndi bulangete lawo poganiza kuti sabwereranso, ndiye madzulo ankachita kupempha kuti awabwezere. Atanena zimenezi anaseka pang'ono, n'kukhala chete. Mnzanga amene ankafunsa sanadzaze kachetecheteyo ndi funso lina, anangodikira. Patapita kanthawi bambowo anayamba okha kunena za mwana wawo amene anamusiya akukwawa, n'kudzamupeza akuthamanga, ndipo atamutambasulira manja anakabisala kumbuyo kwa mayi ake.

Funso lomwe likutithandiza kwambiri ndi lophweka: kenako chinachitika n'chiyani, bambo? Mafunso a mtundu wa "munamva bwanji mumtima" amabweretsa mayankho aafupi, omwe munthu akuganiza kuti ndi omwe tikufuna. Ukamufunsa kuti tsiku limayamba bwanji, ndani ankatsegula chitseko, chakudya chinkabwera nthawi yanji, zamumtima zimatulukira momwemo.

Akuluakulu amati mlandu suwola. Mwina mlanduwo suwoladi, koma amayi ena amene tacheza nawo sabata ino atiwerengera zomwe zinatha podikira mlandu wa mwamuna wawo: makina osokera anagulitsa kuti apeze ya loya, mwana wamkulu anasiya sukulu, eni nyumba anawatulutsa. Amenewa sanalowepo m'ndende, ndipo palibe lipoti la ndende lomwe lingawawerengere. Tagwirizana kuti nkhani za achibale zikhale ndi gawo lakelake, zisangokhala zokometsera.

Amene akutaipa zojambulazi akuvutika kuposa momwe tinkaganizira. Wofunsa amamva nkhani kamodzi, wotaipa amabwereza chiganizo chomwecho kambirimbiri, mahedifoni ali m'makutu, ali yekha. Tayamba kusinthana, ndipo palibe wotengera ntchitoyi kunyumba.

Meyi

Kutsimikiza. Gawo ili silikoma, ndipo ndi lomwe mabungwe ambiri amalidumpha.

Wina anafunsa kuti kodi sikunyoza munthu kumufufuza atatikhuthulira zakukhosi? Ndinamuyankha ndi nkhani ya pa 10 Okutobala 1990. Tsiku limenelo mtsikana wa zaka 15, amene anangotchulidwa kuti Nayirah, anaima pamaso pa aphungu a ku America oona za ufulu wa anthu, n'kunena akulira kuti anaona asilikali a Iraq akuchotsa makanda m'makina ofunditsira pachipatala cha ku Kuwait, n'kuwasiya pansi kuti afe. Pulezidenti George H. W. Bush anaibwereza nkhaniyi kangapo pokopa anthu kuti avomereze nkhondo. Ngakhale Amnesty International inaivomereza poyamba, n'kudzaibweza pambuyo pake. Mu 1992 zinaululika kuti mtsikanayo anali mwana wa kazembe wa Kuwait ku America, ndipo umboni wake unakonzedwa mothandizidwa ndi kampani yotsatsa ya Hill & Knowlton. Nkhanza zenizeni zinachitikadi ku Kuwait, koma bodza limodzi lokometsedwa bwino linapatsa okana chowiringulira. Mphamvu yomwe ife tikudalira, yakuti nkhani imalowa mumtima isanadutse m'mutu, wabodza nayenso amaidziwa.

Mbali inayo kuli Argentina. Komiti yomwe Pulezidenti Raúl Alfonsín anakhazikitsa mu Disembala 1983 inasonkhanitsa maumboni a achibale ndi a opulumuka, n'kulemba mayina a anthu pafupifupi 9,000 omwe anasowetsedwa mu ulamuliro wa asilikali. Poti anasonkhanitsa mosamala, ndi masiku, malo ndi mayina, maumboniwo anakagwira ntchito pa mlandu wa akuluakulu a asilikali mu 1985, pomwe Jorge Videla, yemwe anatsogolera boma la asilikalilo, anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Ngakhale nkhani ya Kalief ija inalimba chifukwa mtolankhaniyo anatsata fayilo ya kukhoti, n'kuonetsa tsiku ndi tsiku pomwe oimira boma ankanena kuti sanakonzeke.

Ndiye tikuchita motere. Nkhani iliyonse yotaipidwa timaipaka mitundu: zomwe pepala likutsimikiza, zomwe munthu wachiwiri akutsimikiza, ndi zomwe akunena mwini wake yekha. Zachitatuzi sitizitaya, koma timazisiya m'kamwa mwake, ife osazinena ngati zathu. Mapepala omwe tikufuna ndi chikalata cha mlandu, kaundula wa kukhoti, ndi pepala lotulukira. Kathumba ka pulasitiki ka bambo aja katipulumutsa masabata ambiri oyendayenda.

Masiku sagwirizana nthawi zonse. Mnyamata wina anatiuza kuti anakhala zaka zitatu, pepala likunena zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Sananame. M'chipinda chopanda kalendala, momwe lero ndi dzulo n'zofanana, nthawi imatalika, ndipo munthu amene anaona zoopsa amakumbukira bwino mtundu wa khoma koma n'kusokoneza chomwe chinayamba. Tinabwerera kwa iye ndi pepalalo, tinawerenga limodzi, iye mwini n'kunena kuti tiike za papepala. Tikanazisiya, mkulu wina wa boma akanangogwira pomwepo n'kutaya nkhani yonse.

Mayina a apolisi kapena oyang'anira ndende omwe akutchulidwa kuti anamenya munthu tikuwachotsa, pokhapokha pakhale umboni wina woima paokha ndiponso loya wathu atavomera. Nawonso ndime 11 ija imawateteza.

Juni

Takangana, ndipo mkangano wake ndi wabwino.

Mmodzi mwa omwe tajambula anabadi. Sakubisa. Anaba katundu wochepa, anagwidwa, n'kukhala pa rimandi nthawi yoposa chilango chomwe akanalandira akanaweruzidwa tsiku loyamba. Ena mwa ife akuti timuchotse chifukwa omvera akangomva kuti wakuba, chifundo chithera pomwepo, ndipo aipitsa ena onse. Mfundo yawo si yopusa. Ku Montgomery, m'dziko la America, Claudette Colvin, mtsikana wakuda wa zaka 15, anakana kupatsa mzungu mpando m'basi mu Malichi 1955, miyezi isanu ndi inayi Rosa Parks asanachite zomwezo. Atsogoleri anaona kuti Parks, mayi wamkulu wodziwika ndi khalidwe, ndiye angaime bwino pamaso pa dziko, ndipo kunyanyala kukwera mabasi kunayenda. Komabe pa mlandu wa 1956 womwe unathetsa tsankho la m'mabasi mwalamulo, Colvin anali mmodzi mwa odandaula.

Ine ndili mbali yakuti akhale. Tikamaonetsa osalakwa okhaokha, tikuphunzitsa omvera kuti cholakwika n'kumanga munthu wabwino, pomwe lamulo likuti cholakwika n'kusunga munthu aliyense osamuweruza. Ambiri omwe ali pa rimandi sadziwika ngati analakwa kapena ayi, vuto lagona pomwepo. Tamvana kuti nkhani yake isakhale yoyamba kuulutsidwa, koma ikhalepo, ndipo kuba kwake atchule yekha kumayambiriro.

Za nyimbo zachisoni pansi pa mawu takana. Wokonza mawu anayesa kuika, ndipo bambo a jekete aja anamveka ngati opempha thandizo, chonsecho iwo ankalankhula ngati munthu amene akudziwa kuti analakwiridwa. Kuseka kwawo kuja takusiya momwemo.

Chakumapeto kwa mwezi tinayamba kubwerera kwa aliyense kuti amve nkhani yake yodulidwa kale. Mayi wina anamvetsera mpaka kumapeto, anachotsa mahedifoni, n'kunena mwaulemu kuti isatuluke. Mwana wawo wamkazi ali pafupi kukwatiwa, ndipo akuchimuna sadziwa kuti mayi ake anakhalapo m'ndende. Inali nkhani yamphamvu kuposa zonse zomwe tinali nazo. Palibe anayesa kuwanyengerera. Tinafufuta iwo akuona, pa kompyuta ndi pomwe tinasungira kope lachiwiri, ndipo mapepala awo tinawabwezera.

Zimenezi zandikumbutsa kuti mawu akuti kulankhula kumachiritsa tisamawatchule mwachisawawa. Komiti ya choonadi ndi kuyanjana ya ku South Africa, yomwe Desmond Tutu ankatsogolera, inayamba kumva maumboni poyera ku East London mu Epulo 1996 ndipo inalandira maumboni oposa 21,000. Dziko linamva, ndipo zomwe zinkakanidwa sizinakanikenso. Koma opereka umboniwo anadikira mpaka 2003 kuti boma lilengeze chipukuta misozi cha R30,000 aliyense, kamodzi kokha, ndalama yochepa poyerekeza ndi yomwe komitiyo inapempha. Ambiri anabwerera kunyumba ndi bala lotsegulidwa. Ife tilibe chipukuta misozi chopereka. Chomwe takwanitsa ndi kupeza mlangizi wa zamaganizo amene wavomera kuonana ndi aliyense wofuna, ndiponso kuimbira munthu foni patapita masiku ochepa chijambulireni.

Julayi

Funso la mwezi uno: omvera akamva, achite chiyani? Nkhani yongoliritsa anthu n'kuwasiya imawatopetsa, ndipo ulendo wotsatira amasintha siteshoni. Pamene Peter Benenson analemba za akaidi oiwalika mu nyuzipepala ya The Observer pa 28 Meyi 1961, anatchula anthu enieni, mmodzi mwa iwo Agostinho Neto wa ku Angola, ndipo anapempha owerenga kuti achitepo kanthu. Amnesty International inabadwa mwa makalata omwe anthu wamba ankalembera maboma za mkaidi mmodzimmodzi.

Pempho lathu talichepetsa mpaka lafika poti munthu mmodzi angathe kulivomera kapena kulikana. Tikufuna oweruza aziunika m'ndandanda wa onse a pa rimandi pa nthawi yoikika, ndipo aliyense amene wadutsa malire a nthawi, kapena amene fayilo yake yasowa, aonekere pamaso pa woweruza kuti apatsidwe belo kapena amasulidwe. Sizikufuna lamulo latsopano kapena nyumba yatsopano. Malangizo a ku Luanda, omwe komiti ya Africa yoona za ufulu wa anthu inavomereza mu 2014, amanena kale kuti kusunga munthu podikira mlandu kukhale njira yomaliza ndipo kuziunikidwa pafupipafupi.

Tikukonza mitolo iwiri. Wa anthu wamba ndi nkhani zifupizifupi za pa wailesi ndi pa foni, munthu mmodzi nkhani imodzi, kumapeto chiganizo chimodzi chonena pempholo. Wa akuluakulu a makhoti ndi a ndende ndi tsamba limodzi pa munthu: mawu ake ochepa pamwamba, masiku onse omwe mlandu unasunthidwa pansi pake, ndime ya lamulo, pempho. Ziwerengero zapita uku.

Kwa omwe anasankha kusamveka n'komwe, tikuyesa sewero la mtundu womwe Augusto Boal, katswiri wa zisudzo wa ku Brazil, anayambitsa, momwe sewero limaima pakati, woonera n'kulowa m'malo mwa wozunzikayo kuyesa njira ina. Taphatikiza zidutswa za nkhani zingapo kuti pasapezeke wozindikirika, ndipo timanena poyera kuti ili ndi sewero. Kusakaniza kotereku m'nkhani za pa wailesi n'koletsedwa.

Ogasiti

Tisanaulutse tinaitana kagulu ka ogwira ntchito m'makhoti ndi m'ndende kuti amve kaye. Ena mwa anzathu ankafuna tiwadzidzimutse pa wailesi, koma amene ukufuna asaine pepala sumuyamba ndi manyazi. Anamvetsera nkhani ya ulendo wa kukhoti ija mwakachetechete. Mkulu wina anati izi ndi za anthu ochepa chabe, tangosankha zoipitsitsa. Apa m'pomwe tsamba la masiku ndi ziwerengero linagwira ntchito yake. Yemwe anatidabwitsa ndi kalaliki wina wachikulire amene anatitsatira panja. Anati iye ndi amene amatuluka kukanena kuti fayilo sikuoneka, ndipo anali asanaganizepo kuti anthuwo amakhala atagawa kale mabulangete. Anatifotokozera pomwe mafayilo amatayikira kawirikawiri, pakati pa polisi ndi ofesi ya oimira boma, pomwe palibe buku losainirana. Sitinadziwe zimenezi, ndipo tazionjezera pa pempho.

Lonjezo lolembedwa sitinalandire. Atiuza kuti tibwere ndi m'ndandanda wa mayina pa msonkhano wawo wotsatira, ndipo alangizi a zamalamulo omwe amalowa m'ndende avomera kutithandiza kuukonza, chilolezo cha eni mayina chitapezeka.

Nkhani yoyamba ituluka mwezi wamawa. Tisanatero, aliyense amene akumveka aimbiridwe foni komaliza kuti atsimikize, auzidwe tsiku ndi ola, ndipo akhale ndi nambala yoimba ngati wina atamuopseza. Ndemanga za pa Facebook pakhale woziyang'anira usana ndi madzulo sabata yoyamba, chifukwa mawu akuti akanapanda kulakwa sakanamangidwa abwera ndithu, ndipo mwini nkhani asawapeze yekha. Za kuchuluka kwa omvera tizilemba poti otithandiza ndi ndalama amazifuna, koma m'buku lathu tatsegula tsamba lina: mafayilo opezeka, anthu oonekera pamaso pa woweruza, opatsidwa belo, omasulidwa. Loya akuunikabe nkhani ya mnyamata amene anakhala m'ndende zaka ziwiri ndi miyezi uja, chifukwa muli chiganizo chimodzi chomwe chingaloze wapolisi wina ngakhale dzina tinachotsa.